Mwana wanga akudikirabe achimwene ake amene anaphedwa ku Joni

Funso: Ndine mayi wa ku Ntcheu, ndakhala ku Johannesburg zaka 12. Miyezi isanu yapitayo mwana wanga woyamba, mnyamata wa zaka 19, anamenyedwa ndi gulu la anthu amene ankayenda khomo ndi khomo kusaka alendo m'dera lathu. Anamwalira kuchipatala tsiku lotsatira. Thupi tinatumiza kumudzi, ine ndinaperekeza, koma mlongo wake wa zaka 9 ndinamusiya kwa mnzanga wa kutchalitchi. Tinangomuuza kuti achimwene apita kwa agogo. Mpaka lero sindinamuuze zoona. Pano wayamba kukodza pogona, usiku amadzuka kukaona ngati chitseko ndakhoma, tikakhala panjira safuna ndimulankhule Chichewa, ndipo sabata yatha anamenya mnzake kusukulu nati amadana ndi anthu onse a dziko lino. Chonsecho iye anabadwira konkuno. Ndimuuze? Kapena ndimutumize kwa agogo ake akaiwale?

Yankho: Pepani kwambiri, mayi. Mwana munali mutalera mpaka kumera ndevu wakutayikirani m'manja mwa anthu, kutali ndi kwanu, ndipo palibe mawu anga amene angapeputse zimenezo. Mafunso anu awiriwo ndiyankha, koma ndiyambe ndi chinthu chimene ndikukhulupirira kuti mumtima mukuchidziwa kale: mwanayu akudziwa.

Mwana wa zaka 9 si khanda. Anaona anthu atadzaza m'nyumba, anamva azimayi akusisima, anaona mbale ya chipepeso ikuyenda, anakuonani mukubwera kuchokera kumudzi mutatheratu. Achimwene amene sankatha ola osagwira foni, lero miyezi isanu osatumiza ngakhale kauthenga kamodzi? Komanso m'malokeshoni a ku Joni nkhani ya munthu wophedwa ndi gulu imazungulira pa WhatsApp dzuwa lisanalowe, ndipo ana a sukulu amamva zonse. Imfayo anaidziwa kalekale. Chimene waphunzira pa miyezi isanuyi n'chakuti nkhani imeneyi m'nyumba muno siitchulidwa, ndiye akuisenza yekha. Ana amachita zimenezi pofuna kuteteza makolo awo. Amaona kuti dzina la malemu likangotchulidwa amayi maso amadzaza misozi, ndiye amatseka pakamwa. Pakamwa pakatsekeka thupi ndilo limalankhula, ndiye matiresi onyowa aja, chitseko chija, chibakera chija.

Sindikukudzudzulani ayi. Ambirife tinaleredwa choncho. Maliro akachitika kumudzi ankatipitikitsira kwa azakhali, ukafunsa ankati agogo apita ku ulendo. Koma kumudziko bodzalo silinkakhalitsa, chifukwa mudzi wonse unkalira poyera. Mwana ankamva nyimbo za pasiwa usiku wonse, ankaona adzukulu akuchokera kumanda makasu ali paphewa, ankaona mitu yometa, pambuyo pake n'kudzaona mtumbira. Mwambo unkamuuza zimene akuluakulu ankalephera kutchula ndi pakamwa. Wanuyu sanaone chilichonse mwa zimenezi. Maliro anachitikira kutsidya kwa Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, iye ali m'nyumba ya eni, akudya nsima ndi anthu amene amangoyang'anana akalowa.

Inde, muuzeni. Msinkhu wake ukulola. Mwana wosakwana zaka 5 imfa amaiona ngati tulo kapena ulendo woti munthu abwerako. Pakati pa zaka 5 ndi 7 amayamba kumvetsa kuti wakufa sabwerera, ndipo pofika zaka 9 kapena 10 ambiri amadziwa kuti imfa ndi ya aliyense, ndi kuti thupi lakufa silimva njala, kuzizira kapena ululu. Vuto la msinkhu umenewu n'lakuti mpata uliwonse umene wamkulu wasiya, mwana amaudzaza ndi zoganiza zake, ndipo zoganizazo nthawi zambiri zimakhala zoopsa kuposa zimene zinachitikadi.

Sankhani masana, tsiku limene simukupita ku ntchito ndipo iye sakupita ku sukulu, monga Loweruka m'mawa mutamwa tiyi. Osati usiku pogona. Ngati mukuopa kuti mawu akuthawani, mnzanu wa kutchalitchi uja akhale pambali, koma wolankhula mukhale inuyo. Mawu ake akhale ochepa komanso owongoka, monga awa: "Mwanawe, pali chinthu chimene ndinakubisa. Ndinakuuza kuti achimwene apita kwa agogo. Achimwene anamwalira. Anthu anawamenya, anavulala kwambiri, madokotala anayesetsa koma thupi lawo linasiya kugwira ntchito. Tinakawaika m'manda kumudzi. Ndinakubisa chifukwa ndinkaopa kuti zikupweteka, ndipo ndinalakwitsa. Pepa."

Mawu akuti anamwalira muwatchule ndithu. Chilankhulo chathu chili ndi mawu ofewa ambiri onena za imfa: atisiya, atsogola, agona, apuma. Mawu amenewa ndi aulemu ndipo akuluakulu timamvana, koma mwana amawatenga monga momwe alili. Amene wauzidwa kuti achimwene agona amayamba kuopa tulo. Amene wauzidwa kuti atisiya amadzifunsa kuti ndinawalakwira chiyani. Ndipo mawu amene timakonda pamaliro aja, akuti ife timawakonda koma Mulungu wawakondetsa, musawanene kwa mwanayu. Ndaonapo ana akusiya kupemphera poopa kuti Mulungu angawakondetse nawonso. Pa imfa iyi makamaka, amene anapha ndi anthu, ndipo mwana ayenera kumva choncho. Chikhulupiriro chanu mumugawire, muuzeni kumene mumakhulupirira kuti mzimu wa achimwene ake uli, koma zimenezo zibwere pambuyo pa mawu omveka aja.

Mukatero khalani chete, kenako mufunse: "Iwe unamva zotani?" Zimene angakuyankheni mwina zikudabwitsani. Akhoza kulira, akhoza kukukalipirani kuti munandinamiza, ndipo pamenepo musadziteteze, ingovomerani. Akhozanso kungoti "chabwino" n'kufunsa ngati angapite kukasewera. Musaganize kuti alibe mtima. Mwana chisoni amachimwa ngati phala lotentha: amayamba m'mbali, kamwa limodzi, kuika mbale pansi, kukathamanga, n'kudzabwereranso. Funso lalikulu lidzabwera Lachitatu mukuchapa, kapena muli m'takisi anthu ali tcheru. Liyankheni mwachidule pomwepo, zina mukamalize kunyumba.

Za mmene anafera, muyankhe zimene wafunsa basi, osapitirira, koma osanama. Akafunsa ngati zinawapweteka, yankho loona ndi lakuti inde zinawapweteka, koma pano sakumvanso ululu uliwonse. Za zida, za mabala, za mmene thupi linkaonekera, sakuzifunikira. Ndipo ngati pali kanema wa tsiku limenelo amene anazungulira m'mafoni, mufunseni mwachindunji ngati anamuona. Mumufufute m'foni imene iye amagwira. Ngati akufunika ku polisi, asungidwe ndi munthu wina kunja kwa nyumba yanu.

Pali chinthu china chimene ana samanena pokhapokha mutachikumba. Ndinakhalapo ndi kamnyamata ka zaka 8 kamene mkulu wake anaphedwa akupita pa spaza, kashopu ka m'lokeshoni. Masabata atatu kankangojambula mashopu: shopu yofiira, shopu ya malata, shopu yotseka. Tsiku lina kali mkati mopaka utoto chitseko cha shopuyo, kananena osandiyang'ana n'komwe, "Ndine ndinalirira buledi." Miyezi yonseyo kankadziona ngati wakupha. Wanuyu mwina anakangana ndi achimwene ake m'mawa wa tsiku limenelo, mwina anawauza kuti muzipita, mwina anamva phokoso panja n'kubisala osakudzutsani. Musadikire kuti aulule. Nenani nokha, ndipo mubwereze masiku angapo: "Palibe chimene unanena, unachita kapena unaganiza chimene chinaphetsa achimwene. Olakwa ndi amene anawamenya."

Tsopano za chitseko chija. Mwana wanu wasenza akatundu awiri, chisoni ndi mantha, ndipo mantha ndi amene ali pamwamba. Mwana amene mbale wake wamwalira ndi malungo akamukumbukira amalira, koma amathanso kumwetulira pokumbuka nthabwala zake. Amene mbale wake waphedwa, akangoyamba kumukumbukira maganizo amathamangira ku gulu lija, kukuwa kuja, ndiye amathawa chikumbumtima chonse, chabwino ndi choipa chomwe. Mapeto ake amalephera kulira maliro. Judith Cohen ndi Anthony Mannarino, akatswiri a ku Pittsburgh ku America amene agwira ntchito zaka zambiri ndi ana oferedwa mwa njira zoopsa, njira yawo yothandizira imayamba ndi kuziziritsa mantha, chisoni n'kubwera pambuyo. Inenso ndaona kuti ndondomeko yake ndi yomweyo.

Chovuta n'chakuti mantha a mwanayu si a m'maloto. Mu May 2008 ziwawa zimene zinayambira ku Alexandra zinapha anthu 62. Mu April 2015 zinabuka ku Durban mpaka boma la Malawi linatumiza mabasi kukatenga anthu athu. Mu September 2019 mashopu a alendo anaotchedwa ku Johannesburg. Mu April 2022 Elvis Nyathi wa ku Zimbabwe anaphedwa ku Diepsloot ndi gulu limene linkayenda m'makomo kufunsa mapepala. Ndiye mukamuuza kuti palibe choopsa, akudziwa kuti mukunamanso, ndipo ulendo uno sadzakukhulupiriraninso. Chimene mungamupatse ndi dongosolo. Adziwe amene amutenge ku sukulu tsiku lililonse. Aloweze pamtima nambala yanu ndi ya munthu wina mmodzi. Adziwe kuti phokoso likayamba inu kulibe, alowe nyumba iti. Madzulo muzikhoma chitseko limodzi, kamodzi, iye agwire kiyi, munene mokweza kuti takhoma, basi. Akadzuka usiku musamukalipire, muperekezeni pabedi n'kumukumbutsa kuti tinakhoma tonse. Mukachedwa ku ntchito ngakhale mphindi 20, imbani. Kwa mwana amene munthu wake anatuluka osabwerera, mphindi 20 ndi zaka.

Zokana Chichewa panjirazo zisakupwetekeni mtima, ngakhale ndikudziwa kuti zikupweteka. Mwanayu wawerenga bwino dziko limene akukhalamo. Mu 2008 magulu aja ankaimitsa anthu n'kuwafunsa dzina la chigongono m'Chizulu, wolephera kunena kuti indololwane ankadziwika kuti ndi mlendo. Ana amamva nkhani zotere, ndipo amadziwa kuti lilime likhoza kukuperekera. Ndiye panjira mulekeni, mulankhuleni chilankhulo chimene akumva nacho kutetezeka, ndipo muuzeni kuti mwamvetsa chifukwa chake. Koma m'nyumba Chichewa chikhale chilankhulo chodyera, chosekera, cha nthano, cha mauthenga a agogo a pa foni. Choopsa chenicheni n'chakuti angayambe kuganiza kuti Umalawi ndiwo unali mlandu wa achimwene ake. Pang'onopang'ono mumuuze kuti ife sitinayambe dzulo kubwera kuno. Azigogo athu anakumba golide m'migodi ya ku Joni pa nthawi ya Wenela, ena anasiya mapapo awo komweko. Clements Kadalie, amene anayambitsa bungwe lalikulu la anthu akuda apantchito ku Cape Town mu 1919, anali mwana wa ku Nkhata Bay. Mwina m'banja mwanu momwemo muli agogo amene anabwera ndi njinga ndi wailesi kuchokera ku migodi. Nkhani yawo mwanayu aimve.

Za ndewu ya kusukulu, musanapereke chilango funsani chimene chinachitika chibakera chisanatuluke. Ndikhoza kubetcha kuti panali mawu, mwina lija lonyozera alendo lakuti kwerekwere, mwina wina anatchula achimwene ake. Kumenya n'kulakwa ndipo mumuuze choncho, koma aphunzitsi ayenera kudziwa zimene zinachitika m'banja mwanu, ndipo woyambitsayo nayenso alankhulidwe. Makolo ena amaopa kuonekera ku ofesi ya sukulu chifukwa cha mapepala. Dziwani kuti mu December 2019 khoti lalikulu la ku Makhanda ku South Africa linagamula kuti mwana sachotsedwa sukulu chifukwa chosowa mapepala, kaya ndi mbadwa kaya ndi mlendo. Pitani mukaonane ndi aphunzitsi ake.

Mawu akuti amadana ndi anthu onse a dziko lino ndi amene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa apa makolo timalakwitsa mbali ziwiri. Ena amathamangira ulaliki: usatero, khululuka, Yesu anakhululuka. Mwana wa zaka 9 amene sanauzidwe n'komwe kuti achimwene ake anafa, mukumuuza akhululukire ndani, pa mlandu uti? Amangomva kuti mkwiyo wake ndi tchimo, n'kuubisa pamodzi ndi zina zija. Enanso amasonkhezera moto osadziwa. Anthu akabwera kudzapepesa, nkhani imakhala yakuti anthu a kuno ndi zilombo, alibe umunthu, ndi aulesi, ndi ansanje. Akuluakulu akutulutsa ululu wawo, n'zomveka, koma pakona pali kamtsikana kakumvetsera, kamene kanabadwira m'chipatala cha kuno, kamalota m'Chizulu kapena m'Chisutu, ndipo mnzake wapamtima ndi mwana wa kuno. Mukamuphunzitsa kudana ndi anthu onsewa, theka la chidanicho ligwera pa iye mwini.

Mkwiyo wake ndi woyenera, ungofunika kuulozetsa pamalo pake. Mungamuuze kuti: "Inenso ndakwiya. Anthu amene anamenya achimwene anachita chinthu choipa kwambiri, ndipo anachita chifukwa chodana ndi anthu ochokera kunja. Amenewo tili ndi chifukwa chowakwiyira." Kenako, osati tsiku lomwelo, muwerenge naye anthu a kuno amene anaima nanu: woyandikana naye nyumba amene anakubisani, namwino amene anakugwirani dzanja, abwana amene anaponya kangachepe pa ndalama yonyamulira thupi, mphunzitsi amene amamukonda. Ngati alipo, atchuleni mayina. Ngakhale pa anthu 62 a mu 2008 aja, 21 anali mbadwa za South Africa zomwe. Gulu likalusa silifunsa bwinobwino.

Pali chithunzi chimene mwana aliyense wa sukulu m'dzikolo amachiona chaka ndi chaka pa 16 June. Anachijambula Sam Nzima ku Soweto mu 1976: Mbuyisa Makhubo wanyamula Hector Pieterson, mnyamata wa zaka 12 amene apolisi a boma la tsankho anamuwombera, ndipo pambali pake pakuthamanga mtsikana wovala yunifolomu, dzanja lili m'mwamba, akukuwa. Anthu ambiri amayang'ana mnyamata wonyamulidwayo. Mtsikana uja ndi mlongo wake, Antoinette Sithole, amene atakula anagwira ntchito yofotokozera alendo mbiriyi ku nyumba ya chikumbutso ya Hector Pieterson ku Orlando West, yomwe inatsegulidwa mu 2002. Sindikunena kuti mupite naye mawa, n'kutheka kuti chaka chino sichingatheke. Koma June akamayandikira dziwani kuti chithunzichi chimugwedeza m'kalasi, ndiye muyambe ndinu kuchitchula. Ndipo tsiku lina akadzakhazikika, adzadziwe kuti dziko limene anabadwirali lili ndi alongo ambiri amene anathamangapo pambali pa mtembo wa mlongo wawo wophedwa chifukwa cha mtundu wake. Kwa mwana amene akudziona ngati yekhayekha pakati pa adani, zimenezi zimatsegula kazenera.

Adzakufunsaninso ngati anthuwo anagwidwa. Muyankheni zoona zimene zilipo. Ngati sanagwidwe, nenani choncho, ndipo muuzeni zimene akuluakulu mukuchita. Nambala ya mlandu musunge, ndipo a Lawyers for Human Rights amathandiza alendo pa nkhani zotere. Mwana asamve ngati kubwezera kwatsalira iye.

Ntchito yaikulu, imene idzatenge nthawi, ndi yomubwezera achimwene ake. Pakali pano zaka 19 za mnyamata uja zaphimbidwa ndi tsiku limodzi. Pa nthawi imene Edzi inkasiya ana amasiye ambirimbiri, a bungwe la Sinomlando ku Pietermaritzburg anatchukitsa mabokosi a chikumbutso, ndipo njirayi ndi yosavuta moti mungaichite nokha. Pezani katoni ya nsapato. Iye asankhe zoikamo: kapusi ya achimwene, jezi ya timu imene ankaikonda, mahedifoni, chithunzi, kapepala kolembedwa ndi dzanja lawo. Mukamaika chinthu, nenani nkhani yake. Musamusandutse mngelo. Mwanayu akukumbukira mnyamata amene ankamulanda rimoti, ankamaliza ndiwo, ankamutchula dzina lomunyoza, koma ankamunyamula pakhosi pochokera ku tchalitchi. Ameneyo ndiye akumusowa. Tsiku limene nonse mudzaseke pokumbuka zopusa zimene ankachita, kenako n'kulira, dziwani kuti maliro ayamba kuyenda. Palinso njira imene Ncazelo Ncube, katswiri wa ku Zimbabwe, anaikonza ndi anzake cha m'ma 2006 yotchedwa Tree of Life, pomwe mwana amajambula mtengo: mizu ndi kumene anachokera, thunthu ndi zimene amatha, nthambi ndi zimene akulakalaka, masamba ndi anthu ake, amoyo ndi akufa omwe, zipatso ndi mphatso zimene anthuwo anamupatsa. Achimwene amakhala tsamba pamtengopo, ndipo zimene anamuphunzitsa, kaya kupalasa njinga kaya masamu, zimakhala zipatso.

Popeza sanaone nkhope ndipo sanaponye dothi, mupatseni mwambo wake. Itanani anthu ochepa, abusa kapena akulu ampingo, muimbe nyimbo ziwiri zimene zinaimbidwa kumanda, iye anene kapena alembe zimene akufuna kuwauza achimwene. Ndipo nthawi yomanga chiliza ikadzakwana, ngati mapepala ndi ndalama zilola, mudzapite naye. Adzaime pamandapo ndi mapazi ake.

Ndafika pa funso lanu lachiwiri. Ayi, musamutumize pano. Ndikudziwa kuti abale akukuuzani kuti kumudzi kuli mtendere, ndipo n'zoona kuti kulibe magulu osaka alendo. Koma taonani ndi maso ake. Anauzidwa kuti achimwene apita kwa agogo, ndipo sanabwerenso. Lero mukumuuza kuti nayenso apite kwa agogo. Wataya mlongo, ndiye ataye mayi, sukulu, anzake ndi chilankhulo chimene amaganizira, zonse m'chaka chimodzi? Kumudziko adzakhala mlendonso, wa ku Joni, wa Chichewa chopotoka, ndipo ana sachedwa kuseka. Ngakhale chaka cha sukulu sichigwirizana, ku South Africa chimayamba mu January, kwathu mu September. Ndipo ana saiwala, mayi. Amangosiya kufunsa. Ngati dera lanu lili loopsadi, samukani nonse awiri, kaya ku lokeshoni ina kaya kubwerera kwathu. Ngati zinthu zitakukakamizani kuti atsogole yekha, zichitike atamva zoona, atafunsidwa maganizo ake, akudziwa tsiku limene mudzaonane, ndipo foni izilira tsiku lililonse pa ola lodziwika.

Inuyo muli bwanji? Ndikufunsa chifukwa chimene chimathandiza kwambiri mwana woferedwa ndi kholo lotsala limene likutha kumuona. Pamaliro anthu amapepesa mayi, mlongo wa malemu amangomusisita mutu n'kumuuza kuti uziwasamala amayi, watsala wekha. Mtolo umenewo ndi waukulu kwa mwana wa zaka 9. Lirani pamaso pake, palibe cholakwika, koma muzimuuza kuti ndikulira chifukwa ndawasowa achimwene, si iwe wandiliza, ndipo pali akuluakulu amene akundithandiza. Akuluakuluwo akhalepodi: amayi a chigwirizano kapena a mvano, gulu lanu la maliro, mlangizi. Kulira kwa usiku wonse kuja mukalirire kwa iwo. Musamuyerekeze ndi malemu, ndipo musamutsekere m'nyumba chifukwa cha mantha anu. Azisewera.

Zokodza pogonazo musamuchititse nazo manyazi, musazitchule pagulu. Yalani pulasitiki pansi pa nsalu, achepetse zakumwa madzulo, akodze asanagone, m'mawa muchape limodzi osalankhula zambiri. Mupite nayenso ku kiliniki akamuyeze mkodzo, chifukwa matenda a m'chikhodzodzo ndi shuga amayambitsanso zomwezi. Zikakhala za mantha, zimachepa mantha akamachepa.

Mukamuuza zoona, masabata oyamba zinthu zikhoza kuoneka ngati zaipiraipira. Ndi chithupsa chikuphulika. Koma pakatha mwezi umodzi kapena iwiri maloto oopsa osachepa, akukana sukulu, akuonda, akungokhala duu, kapena sakulola n'komwe kuti dzina la achimwene litchulidwe, pamafunika katswiri. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chisoni chikapitirira miyezi 6 chili chowawa ngati tsiku loyamba mpaka munthu kulephera zochita za tsiku ndi tsiku, chimenecho ndi chofunika chithandizo chapadera, ndipo inu mwatsala pang'ono kufika pamenepo. Poona mmene imfayi inachitikira, ine ndingakonde kuti muyambe kufunafuna thandizo panopa. Childline ya ku South Africa imayankha pa 116 kwaulere usana ndi usiku, ndipo mwana akhoza kuimba yekha. Bungwe la CSVR ku Johannesburg lili ndi alangizi a anthu okhudzidwa ndi ziwawa, alendo omwe. Mukadzabwerera kwathu, 116 imagwiranso ntchito ku Malawi, ndipo a St John of God ali ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Akadzangonena kuti akufuna kufa kapena kutsatira achimwene, musayese nthabwala za ana, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Loweruka lisanafike, imbirani agogo ake. Auzeni kuti mwana mukumuuza, chifukwa akangomva adzafuna kuwaimbira kuti atsimikize, ndipo agogo asadzapitirize nkhani ya ulendo ija. Pemphaninso wachinyamata wina kumudziko apite kumanda ndi chilolezo cha amfumu, akajambule mtumbira masana dzuwa likuwala, mitengo yozungulira ikuoneka. Chithunzicho mukhale nacho m'foni. Musamuonetse mpaka atafunsa kuti achimwene ali pati.